Fanta m'Bokosi la Katemera

Ndili namwino woyendayenda m'zaka za m'ma 1990, Khirisimasi ina inandipeza ndikuchititsa sikelo ya ana ku Zingalume. Pofuna kudzisangalatsako, ndinabisa Fanta m'bokosi lozizira la katemera, ndikudziwa kuti n'zoletsedwa. Nditatsegula, botolo linaonekera.

"Anesi, nanga awo ndi mankhwala a chiyani?" anafunsa mayi wina amene anabereka mwana wowonda.

"A ana ofooka," pakamwa panga panatero.

Anatambasula manja awiri. Ndinawapatsa botolo lija.

Mu Januwale mayi aja anayenda wapansi mpaka kuchipatala chathu ku boma kudzapempha mankhwala ena, ati mwana anawakonda. Apa m'pamene ndikanaulula. Koma ndinatsegula kabati n'kumafufuzamo ndithu, nkhope ili yantchito.

"Pepani amayi, atha."

Anandithokozabe, atagwada.