Tsiku limene amayi anaima chadodolido

Ndikukumbukira chaka chimene alamu anga aZakeyu, amuna awo a achemwali, anabwera kuchokera ku Halale ndi bokosi la miyendo itatu. Nkhondo ya Ajeremani inali isanayambe, ife tikukhala kumudzi kwathu kuseri kwa phiri la Mphunzi. Amuna ena ankabwerako ndi mabulangete ndi zipewa, koma iwo anabwera ndi chojambulira zithunzi chimene anawasiyira mzungu amene ankamugwirira ntchito. Kusukulu sanapondeko n'kamodzi komwe, koma akalowetsa mutu m'nsalu yakuda ya bokosilo, ngakhale aphunzitsi athu ankaima njo, osaphethira.

Ine sukulu inali itandikwana. M'mawa wa mu Juni nkhungu ikatsika m'phiri, tinkakhala pazipika zala zitauma ndi chisanu, sileti ikuzizira pantchafu ngati mwala wa kumtsinje, tikuimba a e i o u mpaka kukhosi gwa. Ndinkadzifunsa kuti ndikuvutikiranji, pamene alamu, osadziwa kulemba ngakhale dzina lawo, ankavala jekete ndipo anthu ankawabweretsera nkhuku kuti awajambule. Tsiku lina ndinalengeza pakhomo kuti sukulu ndasiya, ndizinyamula bokosi la alamu mpaka nanenso ndidziwe kujambula.

Mawu omaliza pa ine anali a atsibweni, mlongo wawo wa amayi. Sanakalipe. Anakoka fodya wawo wamphuno, nayetsemula, n'kunena kuti, "Chabwino. Akamwini ajambule apongozi awo. Chithunzi chikatuluka bwino, mwanayu amutenge." Ine ndinadumphadumpha ndi chimwemwe, msampha osauona. Masiku amenewo mkamwini sankawayang'ana kumaso apongozi ake. Akakumana panjira, mmodzi ankapatukira kutchire ngakhale kuli chitedze. Nanga munthu wosaloledwa kumuyang'ana ungamujambule bwanji?

Amayi anavomera chifukwa cha ine, poti ndinali nditawalirira mokwana. Anadzola mafuta a nsatsi mpaka mapewa kunyezimira, anavala nsalu yawo yatsopano ya biriwita ndi mikanda m'khosi, nakaima patsogolo pa nkhokwe, nkhope atalozetsa kumbali. Mudzi wonse unasonkhana. Alamu anabwera ndi bokosi lawo chafutambuyo, maso ali kuphiri, naliimika mopapasa. Kenaka anandinong'oneza kuti, "Mlamu, lowani m'nsalumu ndinu. Mukawaona onse, kumutu mpaka kumapazi, mundiuze, ine ndingotsegula diso la bokosi."

M'nsalumo munkanunkha thukuta ndi mankhwala owawa m'mphuno. Poyamba sindinaone kanthu. Kenaka pagalasi panaoneka amayi, aang'ono ngati chala, owala bwino, mikanda yawo yofiira ikuoneka umodziumodzi. Koma mutu unali pansi, mapazi kumwamba, ndipo nkhokwe nayo inaimira denga. Palibe anandichenjeza kuti bokosi limaonetsa zinthu motero. Mwana wanzeru akanakhala chete, koma ine ndinafuula ndi mawu onse amene sukulu inandiphunzitsa kutulutsa: "Amayi aima chadodolido! Miyendo ili m'mwamba!"

"Mayo ine! Pamaso pa akamwini!" anakuwa amayi. Anagwira nsalu yawo m'mawondo ndi manja onse awiri n'kuthawira kuseri kwa nkhokwe. Amayi ena onse anabalalika, aliyense atapana nsalu yake, kuopa kuti bokosi liwatembenuza nawonso. Alamu, amene sanaone chilichonse, anathawa ndi manyazi kulowera kudimba. Pabwalo tinatsala atatu: ine, bokosi, ndi atsibweni amene ankaseka mpaka misozi mbwembwembwe.

Alamu atabwerera, atsibweni anawafunsa chifukwa chimene bokosi limatembenuzira anthu. Iwo anayankha kuti linabadwa choncho. Aphunzitsi nawo atafunsidwa anangokanda kumutu. Pamenepo atsibweni anandiloza ndi chikho chawo cha fodya n'kuti, "Iwe, bwerera kusukulu. Tsiku limene udzandiuze chifukwa chake, udzasiye." Ndinalira, koma m'mawa mwake ndinali pachipika changa, sileti pantchafu.

Yankho silinabwere msanga. Ndinamaliza sukulu ya kumudzi, ndinapita ya kumishoni, ndipo ndinalipeza ndili kale ndi ndevu, m'buku la Chingerezi lofotokoza momwe kuwala kumapingasirana polowa pakabowo. Ndinathamangira kwa atsibweni kukawafotokozera, ndikujambula mizere padothi. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti sanamve bwino, ndibwerere ndikaphunzirenso.

Ntchito yojambula ndinaigwirabe moyo wanga wonse, ndipo achinyamata akandifunsa ngati imafuna sukulu, ndimasowa yankho lalifupi. Poimika munthu kuti dzuwa limukomere, ndi momuseketsera mwana wamantha, ndinaphunzira kwa alamu, osati m'kalasi. Koma iwo mabotolo a mankhwala otsukira zithunzi ankawasiyanitsa ndi mphuno, ndipo akadwala chimfine anthu ankatuluka ngati mizukwa. Ine ndinkangowerenga zolembedwa pabotolo.

Lero zinthu zinasintha. Ku Dedza boma mkamwini amaima phewa ndi phewa ndi apongozi ake patsogolo pa kamera yanga, nthawi zina n'kuwakonzera ndi duku lomwe. Ndimaseka, koma mumtima mumandiwawa. Amayi sanalolenso kuima patsogolo pa bokosi lililonse mpaka anamwalira, ngakhale ndinawalumbirira kangati kuti papepala munthu amatuluka choongoka. Ndajambula amayi a anthu ena osawerengeka, koma chithunzi cha amayi anga ndili nacho chimodzi chokha, cha m'mutu mwangamu, akunyezimira mafuta a nsatsi, mapazi ali kumwamba.