Mutu Pansi Pamaso pa Azakhali

Mundikhululukire polemba izi, ine amene sukulu ndinalekeza sitandade 8 ya kumudzi, ndipo ngakhale kutchalitchi sindinayimepo kutsogolo. Nkhaniyi ndi ya mng'ono wanga, koma iye sangaisimbe yaitali chonchi.

Tinkakhala kufupi ndi Mitundu. Ine ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, iye zisanu ndi chimodzi. Ankamva zonse, ukamutuma ankabweretsa chomwe wamutumacho, koma mawu ankamukanika. Lero anena "madzi" bwinobwino, mawa liwu lomwelo lituluka "adi", mkuja milomo ingoyendayenda ngati ikufunafuna poyambira. Anthu ankati lilime lake ndi lomangika. Chimene ndinamuphunzitsa n'kuchigwiradi chinali ulemu: kugwada, manja pamodzi, maso pansi. Alendo ankandiyamikira, ine n'kumakondwa.

Azakhali a ku Nathenje anali ndi tiyirumu m'mbali mwa msewu, ndipo ankamufuna kuti azikatsuka makapu ndi kulera khanda lawo.

"Wa sukulu si ameneyu, mlamu," ankawauza amayi. "Kapu sifunsa mafunso."

Amayi ankazengereza, poti pa misonkhano ya zipani kunkamveka za sukulu yaulere. Anagwirizana kuti mwanayo akayamba kudziyankhira yekha akhala pakhomo, apo ayi apita.

Kuchipatala kunkabwera mayi wina wa ku Lilongwe kamodzi pamwezi, kudzaona ana ovutika kuyenda ndi kulankhula. Amayi anandituma kuti ndipite naye mng'ono wangayo. Mayiyo anamuyang'ana m'kamwa nati lilime lilibe vuto.

"Mawu akuwadziwa, koma pakamwa pamasochera. Tiziyenda naye njira imodzimodzi mpaka ipondeke."

Anakhala pansi moyang'anizana naye. "Iwe, maso kuno." Mng'ono wanga anawerama.

"Anamuphunzitsa kuwerama chonchi ndani?"

"Ndine, mayi," ndinayankha monyadira.

Anaseka. "Ndiye ntchito ndi yako yomumasula. Pansipo palibe milomo."

Anasankha mawu ochepa: amayi, madzi, pano. Poyamba tizitchulira limodzi pang'onopang'ono, iye akuyang'ana pakamwa panga, chala chake chili pa milomo yanga kuti azimva ikutsekeka. Akazolowera, ine ndizingoyendetsa milomo popanda liwu. Pomaliza ndimusiye anene yekha. Anati tisamachite nthawi yaitali, koma kangapo tsiku lililonse.

Tinayambira pakhonde. Azimayi opita kumjigo ankaima kutionerera.

"Taonani mkuluyo, kukamwa yasa ngati mlamba."

"Msiyeni, akuyeserera za kwaya."

Manyazi anandigwira, ndipo tinasamukira kuseri kwa chigafa cha fodya. Kumeneko zinayenda. Patapita miyezi ingapo, ndikangotseka milomo iye ankati "pano", momveka, n'kuseka yekha. Panatsala poti azinena osandiona. Koma inafika nyengo yosankha fodya. Tikangokhala pansi amayi ankaitana, ine n'kudzambatuka, chifukwa liwu loti "dikirani" kwa munthu wamkulu linali lisanatulukepo pakamwa panga. Masiku ena ankadutsa osayeserera n'komwe. Mayi wa kuchipatala akafunsa, ndinkati zikuyenda bwino, poti nkhope yake inkaoneka kuti ikufuna yankho limenelo.

Azakhali analembetsa mavoti kumudzi kwathu kuno, choncho anabwera kudzavota. Masana anakhala pamkeka ndi amayi, chala chili ndi inki, n'kutiitana. Tinagwada. Mng'ono wanga anali chapambali, poti akanatha kundiona bwino.

"Mlamu, mwanayu akuti wayamba kulankhula. Timve. Iwe, ukhala pano, kapena tipite ku Nathenje?"

Liwu lofunika linali lomwe lija loti "pano", azakhali anachita kumupatsa m'manja. Ndinamva mng'ono wanga akupuma mwamphamvu. Poyang'ana cham'mbali ndinaona kuti wadzutsa mutu, monga mayi uja anamuphunzitsira, ndipo akuyang'ana pakamwa panga. Chofunika chinali chochepa: kutukula nkhope, kutseka milomo. Koma azakhali anali patsogolo panga penipeni, ndipo ndinaganiza zoti aziti mwana waulemu uja wayamba kupanga zizindikiro pamaso pa akulu. Ndinayang'anabe mkeka.

"Aa... a..." anatero mng'ono wanga.

"Mwamva nokha," anatero azakhali. Sananene mwankhanza. "Kwathu akadya bwino. Katengeni zovala zake."

Amayi anayang'ana kwa ine. "Suja unkati amanena?"

"Amanena nthawi zina," ndinayankha, mutu uli pansi.

Zovalazo ndinamanga ndine, mu chitenje chakale. Ndinawaperekeza mpaka pamsewu, iye atagwira chala changa, ndipo sanalire. Ku Nathenje anakulira komweko, sukulu sanalowe, ndipo kwa mayi wa kuchipatala sitinapitenso. Anachoka pakhomo Lachiwiri, pa 17 Meyi 1994.