Mtedza wa Asisita Nabanda

Lero podutsa pa Kasakula ndaona mayi wina akutembenuza mtedza umene anayanika pabwalo, ndipo ndaseka ndekha m'minibasi mpaka kondakitala kundicheukira. Asisita Nabanda, ndakumbukira inu. Ndili namwino watsopano, munanditengera pabedi la abambo aja a ku Malomo othyoka mwendo, kuti ndiphunzire kuona ngati wodwala angatuluke zilonda chifukwa chogonera mbali imodzi. Munawafunsa ngati akudya, ngati amatha kudzitembenuza okha, ngati zofunda zimanyowa. Zonsezo anayankha bwinobwino. Koma mutangoti tione zidendene, msana ndi kumatako, anakokera bulangete mpaka m'khosi. "Kumeneko amaonako mayi a kunyumba okha!" Inu osatekeseka, munafunsa kuti, "Bambo, mtedza mukauyanika n'kuusiya osautembenuza, umatani?" Iwo anati umachita nkhungu n'kuwola. "Ndiye inuyo ndinu mtedza wanga. Tembenukani." Amene anavundukula bulangetelo ndi mayi a kunyumbawo, akufa nazo kuseka. Munagwira dzanja langa n'kuliika kumunsi kwa msana wawo, pomwe khungu linali litayamba kutentha ndi kulimba. "Khungu lathuli silionetsa kufiira, mwanawe, uzikhudza." Kuyambira tsikulo, tikangochedwa pang'ono kuwatembenuza, wodi yonse inkawamva abambowo akukuwa kuti: "Asisita, mtedza wanu wauma mbali ino!" Anabwerera kwawo opanda chilonda.

Nanunso mutadwala tinkakutembenuzani, inu mukutikalipira kuti tachedwa, ndipo sitinalole ngakhale kachilonda kamodzi. Koma kumene mwagonako, Asisita, akukutembenuzani ndani? Usani mumtendere, koma chonde osagonera mbali imodzi.