Tayala la Sipeya

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri chaka chomwe ababa anaganiza zopita ku Joni pa galimoto yawo. Mlongo wawo, azakhali anga a Edina, ankagwira ntchito ya m'nyumba kumeneko, ndipo anali atadwalika moti sakanatha kukhala tsonga m'basi masiku atatu. Pa foni anangoti, "Achimwene, mudzanditenge, ndikafere kwathu." Ababa anali munthu wamtima wapachala, koma tsiku limenelo ndinawaona akupukuta misozi ndi chipewa.

Galimotoyo inali kapikiapu kokalamba komwe tinkanyamulira kachewere kuchoka kwathu ku Mlangeni kupita naye kumsika. Ababa anali asanawolokepo malire ali pa chiwongolero, choncho anaitana amalume a Zakeyu, mlongo wawo wa amayi, omwe anayendetsapo mathiraki njira imeneyo. Kwa milungu itatu khonde lathu linasanduka galaja, nyumba yonse kununkha oyilo. Amalume anajambula njira kuseri kwa kalendala: Dedza, Tete, Nyamapanda, Harare, mpaka kukawoloka Limpopo. Ankaloza pomwe pali mafuta, pomwe angagone, ndi pomwe munthu saima ngakhale mkodzo utamupana. Ine, poti ndinkalemba mooneka bwino, ndinapatsidwa ntchito yolemba zofunika kunyamula: mapasipoti, mapepala a galimoto, jeke, zigubu za mafuta, matiresi oti azakhali adzagonepo pobwera. Ndinkayenda monyang'wa ngati ulendowo unali wanga.

Ababa anagulitsa ng'ombe ziwiri. Amalume ndiwo anabweretsa nzeru yobisa ndalamazo. "Alamu, za m'thumba n'zongoonetsa pamsewu. Zenizenizo zilowe umu." Anachotsa tayala la sipeya pa limu, anakulunga ndalamazo m'majumbo, n'kuzimatira mkati, kenako n'kulipopanso. Ine ndinagwira beseni la madzi a sopo, kuyang'ana ngati mpweya ukutuluka. Amayi anandikoka khutu pomwepo. "Ulendo salengeza, Tadala. Tsiku lonyamuka ngakhale kutchalitchi sitikanena. Wamva?" Ndinati ndamva.

Lachitatu pa mjigo, mnzanga Esitere anayamba kundiseka pagulu. "Chiphakasa chanu chija chikafika pa Dedza, ine ndidzadya chidebe changachi!" Atsikana onse anafa nalo phwete. Mtima wa ababa ndinatengera, ndipo magazi anawira. Ndinakuwa kuti Lachisanu lomweli ababa anyamuka, ndiponso kuti ndalama zomwe zili m'tayala la sipeya kwawo sanazionepo chibadwire. Chapafupi, pansi pa mtengo, azibambo ena ankasewera bawo. Ndinamva nkhomo za bawozo zitasiya kulira, koma sindinalabadire. Ndinasenza chidebe changa ndili wokondwa kuti ndamutseka pakamwa Esitere.

Lachisanu amalume analawirira ku Boma kukatenga pepala limodzi lomwe linatsalira, atapangana ndi ababa kuti akakumana pa msewu wa tala. Ine ndi amayi tinakwera kuti tiwaperekeze ababa mpaka pamenepo. Dzuwa linali litakwera kale. Titatsetserekera pa kamtsinje kena, tinapeza chipika chili chopingasa mumsewu. Ababa atangotsika, m'tchire munatuluka amuna atatu atazimanga nsalu kumaso. Woyamba anawatema ndi chikwanje pa mkono. Phokoso lake ndimalimvabe, ngati potema nthochi. Wachiwiri anawagwetsa amayi pansi n'kuwaponda pakhosi. Wachitatu sanayang'ane chikwama, sanafunse foni. Analunjika kumbuyo, n'kumasula tayala la sipeya, ndipo onse anathawa akuligudubuza.

Anthu anathamangira kukuwa kwa amayi. Ababa anakhala pa chipika chija, atamangidwa chitenje pa bala, magazi akudontha m'zala. Ankangobwereza mawu amodzi: "Alunjika pa tayala. Alunjika pa tayala." Posakhalitsa amalume anatulukira pa kabaza, thukuta lili kamukamu, pepala lija lili m'manja.

Ababa anaimirira. "Alamu, nzeru ya tayala inali ya ndani? Nanga lero bwanji inuyo munalibe m'galimoto?"

Amalume asanayankhe, ababa anatola sipanala ya mawilo ndi dzanja labwinolo n'kuwamenya nayo pa khutu. Amalume anagwa chafufumimba. Wina anakuwa kuti, "Wakuba ndi yemweyu!" ndipo gulu linawaunjirira. Zibakera, mateche, mipini ya makasu. Mayi wina yemwe ankawapatsa moni tsiku ndi tsiku anawagenda ndi mwala. Amayi ankalira, kukoka uyu, kukoka uyo, koma ndani akanawamvera?

Ine ndinaima pambali pa galimoto, ndikudziwa zonse. Pakamwa pomwe panali pofulumira pa mjigo paja panauma gwa. Ndinkaopa sipanala ija. Ndinaona dzino la amalume lili m'fumbi, ndinakhalabe chete. Ndinaona atasiya kudzitchinjiriza ndi manja, ndinakhalabe chete. Mpaka munthu wina atatsitsa chigubu cha mafuta m'galimoto n'kuyamba kufunsa machesi, m'pamene mawu anatuluka.

"Ndine! Ndinanena ndine pa mjigo! Asiyeni amalume!"

Anthu anabwerera m'mbuyo mmodzimmodzi, aliyense akuyang'ana pansi. Ababa anandiyang'ana nthawi yaitali, sipanala ili m'manja. Ndinatseka maso kudikira. Sanandimenye, ndipo mpaka anamwalira sanandimenyepo pa nkhaniyi. Ndikanakonda akanandimenya.

Galimoto yomwe inkayenera kukatenga azakhali inanyamula amalume ndi ababa kupita nawo kuchipatala ku Boma, atagona pa matiresi aja, munthu wina akuyendetsa. Akubawo sanapezeke. Azakhali anamwalira patatha mwezi umodzi, ndipo anaikidwa konko ku Joni ndi anthu achilendo. Khutu lakumanzere la amalume silinamvenso.

Amalume atatuluka m'chipatala ndinapita kukagwada pakhomo pawo. Ndinayembekeza kuti andiuza zosunga pakamwa, monga aliyense ankandiuzira. Iwo anatembenuza mutu kuti andimve ndi khutu labwinolo, kenako anati, "Za pa mjigo zinali zachibwana, mwana aliyense amadzitama. Chomwe chinandiwawa ine n'chakuti ndili pansi paja ndinkakuona, iwenso ukundiona."

Lero ndine mayi wa ana atatu, ndipo ndimayendetsa ndekha galimoto kupita ku Tete kukagula katundu. Tsiku lonyamuka sindiuza munthu, zimenezo ndinaphunzira mosavuta. Chovuta n'chinacho: kutsegula pakamwa mwamsanga pamene mnzako akuvutikira mlandu wako. Ulendo uliwonse ndimayamba ndadzera kwa amalume. Amazungulira galimoto, kugogoda matayala ndi ndodo yawo, ndipo akafika pa la sipeya amaima pang'ono. Ndikamawatsanzika, ndimazungulira kupita kudzanja lawo lamanja kuti andimve.