Ulendo wa ku Buenos Aires Unathera pa Fomu ya Viza

Flywell ndinakumana naye pa siteshoni ya Partick kuno ku UK, mvula ikuwaza, ine ndikukalipira mng'ono wanga wa ku Zomba pa foni. Nditangodula, munthu wina kumbuyo kwanga anati, "Achemwali, mwanayo mukhululukireni, wamva."

Anzanga, mukudziwa mmene Chichewa chimakomera ukachimva mwadzidzidzi pakati pa azungu. Ndinaseka mpaka basi yanga ya ku Maryhill inandisiya.

Anali wamtali, wolankhula mofatsa, wogwira ntchito mu warehouse. Anandiuza kuti amakhala ku Sighthill ndi mlongo wake Yvonne, nesi wovuta kwabasi, wosafuna alendo pakhomo. Ine ndinangomeza. Kukanakhala kumudzi bwenzi nditafunsa anthu awiri n'kudziwa mbiri yake mpaka kwa agogo ake. Koma kuno ndimagwira ku care home, kosamalira okalamba, Lamlungu lililonse ndili pa shifiti, ndipo kutchalitchi komwe nkhani za Amalawi zimamvekera sindipondako.

Miyezi isanu ndi iwiri tinakondana, kapena ndinene kuti ine ndinakonda. Tinkayenda m'mbali mwa canal, mtsinje wochita kukumba, iye n'kumandiveka jekete yake. Ankabwera kwanga nthawi zonse. Kwawo sindinaoneko ngakhale chitseko.

Za Buenos Aires anayambitsa yekha. Iye ankafuna kukaonera mpira wa kumeneko, ine sindinkadziwa n'komwe kuti ndi likulu la Argentina. Kenako anandionetsa zithunzi za misewu yake mu November, jakaranda atachita maluwa mbali zonse ngati ku Zomba. Mtima wanga unathera pomwepo.

"Masiku asanu okha, Tisunge," anatero. "Kopanda wotidziwa. Ndipo ndili ndi funso loti ndikakufunsire kumeneko."

Funso, anzanga... mtsikana aliyense akudziwa funso limenelo.

Vuto linali tchuthi. Masiku anga anali atatha, ndiye ndinapita kukagwada kwa Aisha, mnzanga wa kuntchito. Anavomera kundigwirira mashifiti asanu a November, ine n'kumugwirira Khirisimasi ndi New Year. Manijala anasaina, rota ya mashifiti inakhomedwa pakhoma. Kwathu kuntchito rota ikakhomedwa sisinthidwa, olo ulire magazi.

Ndinayamba mapulani ngati wamisala. Ndinapeza hotela m'dera la San Telmo, ndinalemba tsiku la mpira wake ndi tsiku la msika wanga, ndinagula diresi yofiira. Ndinkaphunzira Chisipanishi m'basi, mpaka gogo wina amene ndimamusamalira anayamba kundilonjera kuti "hola hen", moni wa Chisipanishi kuphatikiza "mwanawe" wa azungu a kuno.

Ndiye panatsala viza, paja pasipoti yathu siingolowa paliponse. Flywell ndi mafomu sagwirizana, choncho anati ndimulembere yake. Pankafunika umboni woti tikukhala ku UK movomerezeka, ndiye ndinamupempha share code, nambala ija imene umapatsa munthu kuti aone viza yako pa intaneti. Ananditumizira ali pa bureki, ndi kamtima pamwamba.

Ndinaitsegula ndikumwa tiyi. Chithunzi chake, dzina lake, ndipo m'munsi mwake mtundu wa viza: dependant partner, kutanthauza munthu wobwera pa viza ya mkazi kapena mwamuna wake.

Ndinawerenga katatu. Partner wa ndani? Munthu sabwera kuno ngati partner wa mlongo wake. Tiyi uja ndinamukhuthulira mu sinki. Sindinalire, anzanga, ndinapsa mtima mpaka makutu kulira okha.

Mawa lake masana ndinamuitanira ku kafe ina ku Partick konkuja. Anabwera akumwetulira, atanyamula kabuku ka mapu a Buenos Aires. Ndinangomuikira foni patebulo.

Anayamba ndi kunena kuti kompyuta yalakwitsa. Kenako anati ndi ukwati wa mapepala chabe, Yvonne anangomuthandiza kuti abwere. Kenako anati chikondi chinatha kalekale, amagona zipinda zosiyana. Mabodza atatu, khofi wake asanazizire n'komwe.

"Chabwino," ndinatero. "Ngati ndi mapepala chabe, tiye timuimbire pompano, timuuze za ulendo wathu."

Nkhope inasintha. Anandigwira dzanja mwamphamvu, munthu wofatsa uja.

"Wapenga? Yvonne akudziwa zoti ndikupita ku training ku Leeds. Akangondisiya, viza yanga yatha. Ukufuna ndibwerere ku Malawi?"

Ndinadikira kuti mwina anena kuti akuopa kunditaya ine. Kapena bola anene kuti akuopa kupweteka mkazi wake, mayi amene amaima maola khumi ndi awiri mu wodi kuti iye akhale m'dziko lino. Ayi ndithu. Ankalirira viza.

"Nanga funso lija linali lotani?" ndinamufunsa.

Anayang'ana pansi. Akuti ankafuna andipemphe kuti ndimudikire zaka zitatu, mpaka mapepala ake atakhazikika. Kundiulutsa ulendo wonsewo, diresi yofiira ndi jakaranda, kuti akandiuze kuti ndikhale pa mzere!

Ndinatenga kabuku ka mapu kaja n'kukaviika mu khofi wake, ndinatuluka. Yvonne sindinamuimbire, ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati ndinachita bwino. Zimenezinso zimandikwiyitsa, kuti Flywell wandisenzetsa chinsinsi chake.

Masiku asanu aja anafika sabata yatha. Ndinakhala ku Maryhill, mvula ikumenya windo, diresi ili pa hang'ala ndi pepala lake la kusitolo. Rota ikadali pakhoma. Pa Khirisimasi ndidzakhala ndikusambitsa agogo a eni ake, iye akudya nkhuku ndi "mlongo" wake.

Anzanga, mwamuna wa kuno akakuuzani kuti amakhala ndi mlongo wovuta, musayambe ndi kumupatsa mtima. Yambani ndi kumupempha share code.