Bonongwe M'kati mwa Miyala Yoyera

Chaka chimene anandibweza ku sekondale teremu yathunthu, chifukwa cha achule asanu ndi awiri amene anapezeka m'kabati ya aphunzitsi a masamu, ndinakapeza amayi ali pa nkhondo ndi boma. Za achulewo sindinapepese ndipo sindidzapepesa, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Tinkakhala pa Katete, mu mzere wa nyumba za boma, poti atate anali kalaliki. Inali nthawi ya Chitaganya, malamulo ali mbwee ngati nsabwe m'bulangete. Lina mwa iwo linkati kutsogolo kwa nyumba ya boma kuzikhala kosesa, kapena kukhale maluwa basi. Ndiwo ayi, chimanga ayi, ati zimabisa udzudzu ndi njoka. Kuseri ankaloleza, koma kuseri kwathu kunali thanthwe ndi chimbudzi. Ngakhale chisoso chinkakana kumerako.

Amayi kwawo ndi kumudzi kufupi ndi Sinda, ndipo nthaka yongokhala imawalasa m'maso. Mvula yoyamba itagwa anafesa mpiru, nkhwani ndi matimati pakhomo penipeni. Tsiku limene ndinafika ndi sutukesi pamutu, ndinapeza akapitawo a zaukhondo, bambo wamtali wa ndevu zosongoka, ataima pakati pa ndiwozo ndi akaidi awiri onyamula zikwakwa.

"Mayi, si ine ayi, ndi lamulo," anatero akapitawo.

"Lamulolo kwawo limadyera chiyani?" anafunsa amayi.

"Dulani, anyamata."

Swaa! Swaa! Kanthawi kochepa pakhomo panali yeretu. Amayi anatolera masamba odulidwawo m'lichero osagwetsa msozi. Koma madzulo tikudya nyemba zokhazokha anang'ung'udza: "Ine ndizikapempha ndiwo m'makomo mwa anthu, manja ndili nawo?"

"Amake mwana, zisiyeni," anatero atate. "Nyumba ndi ya eni ake."

Kuti ndisamangokhala, atate ankandituma kukasiya makalata ku nyumba za azungu. Kumeneko ndi kumene maso anga anatseguka. Pakhomo pa dona wina panali chomera chofiira cha ngayaye zolendewera, ndendende bonongwe womera pa khola lakale. Ndinafunsa bambo wosamalira maluwawo.

"Bambo, izi azungu amadya?"

"Iwe, uli bwinobwino? Awa ndi maluwa. Sukuiona miyalayo?"

Ndinayang'ana. Zomerazo zinali zozunguliridwa ndi miyala yopaka njereza. Ndinayenda makomo onse a azungu, ndi ku ofesi komwe, ndipo kulikonse kunali chimodzimodzi. Pa boma chilichonse chomera m'kati mwa miyala yoyera chinali duwa, ndipo chikwakwa sichinkafikapo.

Njereza ndinakapempha kwa bambo wina wachisilamu wa ku Nyasalande, mwini kasitolo pamsewu waukulu, amene anali atangomaliza kupaka mzikiti.

"Ukapaka chiyani, mwana wa sukulu?"

"Miyala, bambo."

"Ee, ophunzira inu! Mwayamba kudzoza miyala tsopano. Tenga, koma chitini ubweze."

Ndinatuta miyala kumtsinje masiku atatu. Ndinakonza mabwalo awiri ozungulira ndi lina looneka ngati nyenyezi, pakati nkusiya kanjira. Pakati pa bwalo lililonse bonongwe wofiira, kenako therere, kenako luni, m'mbali kholowa woyanga pa miyala. Mpiru ndi nkhwani ndinazikana, poti ngakhale mwana woyamwa amazidziwa. Kumbali ya msewu ndinaika timaluwa tenitenito tachikasu tonunkha, timene ndinazula kwa dona uja galu wake akugona.

"Ndiwo zofola ngati asilikali?" anatero amayi, manja m'chiuno. "Anzanga akaona adzati ndapenga." Komabe mbewu anakatulutsa okha mu kamphika ka phulusa, ndipo anafesa okha, ati dzanja langa ndi la choko. Atate ankadutsa pa kanjirako maso ali kumwamba, kuti akadzafunsidwa adzanene zoona kuti sanaone kanthu.

Patatha miyezi iwiri pakhomo pathu panali posiririka. Therere linatulutsa maluwa achikasu a diso lakuda, luni ndevu zake zoyera, bonongwe ali psuu. M'mawa uliwonse amayi ankathyola nsonga nkubisa m'chitenje, ndipo nyemba zinapuma.

Tsiku loyendera nyumba linakwana. Akapitawo anabwera ndi akaidi awo, komanso ndi mzungu wachinyamata wongofika kumene kuchokera ku Ulaya, mawondo ali ofiira ndi dzuwa. Mzunguyo atafika pa miyala yathu anaima, nkumwetulira. Akapitawo sanamwetulire. Munthu wokulira pa bonongwe sungamunamize ndi njereza.

"Bwana, izi ndi ndiwo," anatero m'Chizungu chawo cholemera. Anawerama nkugwira tsinde limodzi. "Onani apa. Nsonga yathyoledwa ndi chikhadabo cha mzimayi. Apanso. Duwa salithyola nsonga."

Ankanena zoona. Mkaidi mmodzi anali atayamba kale kulavulira m'manja kuti agwire bwino chikwakwa. Amayi anaima pakhonde, akufinya ngodya ya chitenje.

Ndinatulutsa Chizungu changa chonse cha fomu yachiwiri. Ndinauza mzunguyo kuti amayi anga amadulira maluwa awo m'mawa uliwonse kuti aphuke nthambi zambiri, monga tinaphunzirira kusukulu. Nkhope yake inawala. Ati amayi ake kwawo amachitanso chimodzimodzi, ndipo sankayembekeza kupeza luso lotere kuno. Kenako anafunsa, poti anali wa zaukhondo, kuti zodulidwazo timataya kuti.

Ndinatembenukira kukhonde. "Amayi, akufunsa kuti nsongazo mumaziika kuti."

Amayi sanaphethire nkomwe. "Uwauze kuti timaziwiritsa kaye, zingamerenso paliponse."

Ndinamasulira mawu onse monga analili. Mzungu anatulutsa kabuku nkulemba kwa nthawi yaitali, akugwedeza mutu. Mkaidi uja anatembenuka kuyang'ana kumsewu, mapewa akunjenjemera. Ndiyeno mzungu analamula akapitawo kuti asonkhanitse amayi onse a mu mzerewo adzaone pakhomo pa chitsanzo, ndipo aliyense apatsidwe mbewu za maluwa amenewa.

Akapitawo anamenya sawasha. Pochoka anandiyandikira nkundinong'oneza: "Iwe mwana, ukadzakula udzagwira chikwakwa ngati awa."

"Ndikadzachigwira, bambo, ndidzayambira pakhomo panu."

Atate atamva zonse anandikwapula katatu ndi lamba, ati ndikanawachotsetsa ntchito. Kachitatuko lamba linkagwa mofooka, chifukwa amayi anali kuwafotokozera za kuwiritsa zija ndipo atate ankalimbana ndi phwete. Ine ndinalira mokweza kuti ntchito yawo ioneke, koma mumtima ndinali kuwerenga makomo a mu mzere wathu amene adzafune miyala.

Sabata yotsatira amayi a mu mzere anabweradi, akapitawo ali patsogolo ngati mbusa. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula dzina la chomera chilichonse. Ankangoti, "Lofiirali limakula msanga, anzanga?" amayi nkuyankha kuti, "Likapeza manyowa a mbuzi, masabata atatu mwayamba kudulira." Mkazi wa mesenjala anaseka mpaka anakhala pansi pa nyenyezi yanga nkuphwanya ngodya imodzi.

Loweruka lina masana akapitawo anabwera okha, opanda akaidi. Anaima nthawi yaitali pa mzere wa luni, akusisita ndevu. Amayi anatuluka nkugwada pakhonde kuwalonjera.

"Mayi," anatero akapitawo atatsokomola, "ndaona kuti mbali iyi simunadulire bwino. Bwana akadzaona adzandifunsa."

Anavula chipewa chawo cha boma nkuchigwira chagada. Amayi anathyola luni mpaka chipewa chinadzaza, pamwamba nkusanjikapo therere lanthete.

"Mukawauze amayi kunyumba athire nsinjiro," anatero amayi. "Maluwa amenewa popanda nsinjiro amawawa."