Ka MP3 Kathu Kofiira

Zaka zimene ndinkachita geni ya nsomba, njira yanga inali imodzimodzi. Ndinkapikula matemba ndi makumba ouma kugombe la Chiuta, n'kukwera kabaza mpaka ku Ngokwe, matola mpaka pa Ntaja, kenaka lole yopita ku Balaka kudzera pa Liwonde. Paulendowu ndinkayenda ndi mayi wina wachiyao, Msilamu, wamkulu pang'ono kwa ine. Tinadziwana tikulimbirana dengu limodzi la matemba, ndipo titalephera kugonjerana tinangogawana. Kuyambira tsiku limenelo ndinkawaitana kuti achemwali, iwonso ankanditcha chimodzimodzi, ngakhale ine ndine Mkatolika ndipo makolo anga anachokera ku Mozambiki.

Msewu unali wautali ndi wafumbi. Nkhani zinkatithera tisanafike pa Ntaja, kotsalako tinkangoodzera pamwamba pa madengu. Tsiku lina tinakwera lole imodzi ndi mphunzitsi wina amene anali ndi tizingwe m'makutu, akugwedeza mutu yekhayekha. Achemwali sanali munthu wosunga funso m'mimba.

"Aphunzitsi, mukumvera wailesi?"

"Iyayi, mayi. Ndi ka MP3. Nyimbo zonse zili m'katimu."

Anatulutsa kanthu kochepa ngati bokosi la machesi n'kuwabwereka tizingweto. Achemwali anamvetsera, maso ali tong'o, kenaka anandigwira pabondo n'kufuula ngati ndili kutsidya la mtsinje: "Tikagule kathu!" Anthu onse m'lole anaseka, chifukwa achemwali sankadzimva kuti akukuwa.

Titagulitsa nsomba ku Balaka tinasonkherana n'kulowa m'sitolo ina ya zamagetsi pafupi ndi msika. Tinkanunkha matemba, koma mwini sitolo sanatinyoze. Anayala timakina take pagalasi n'kutifotokozera kamodzikamodzi. Kena kanali ndi sikirini yoonetsa zithunzi, kena kanali ndi kopanira pamalaya, kena kanali kakuda kooneka ngati chala cha munthu. Mtima wa achemwali unagwa pa ka sikirini kaja.

"Kameneka n'kotchaja," ndinatero. "Ku Chiuta mukatchaja pati? Pamtengo wa mango?"

"Nanga si pa Ntaja pali magetsi?"

"Ndiye tizikasiya pa Ntaja ife n'kumapita kunyanja opanda kanthu?"

Mwini sitolo anamva mkangano wathu, anafunsa kumene timakhala, kenaka anawerama n'kutulutsa kena kamene sanakayale poyamba. Kankayendera batire limodzi laling'ono, lomwe limapezeka ngakhale m'kaokala ka kumudzi. Kanalibe zithunzi, kanali ndi kawindo kakang'ono koonetsa nambala ya nyimbo basi. Achemwali anakatembenuza uku ndi uku monyinyirika, mpaka anafunsa ngati kalipo kofiira. Kanalipo. Mkangano unathera pamenepo: ine ndinapambana pa batire, iwo pa mtundu.

Nyimbo tinakaikitsa pa Ntaja kwa bambo wina amene anali ndi kompyuta m'kachipinda kometera tsitsi. Ine ndinapempha za kwaya ndi zovina zamagitala zimene zinkamveka paukwati masiku amenewo. Achemwali anapempha kaswida, nyimbo zachisilamu zoimba amayi, ndi zina zachiyao. Tinkaganiza kuti aziika padera, zanga uku zawo uku, koma bamboyo anangozithira pamodzi ngati nyemba ndi chimanga.

Mahedifoni anali amodzi, choncho aliyense ankatenga khutu limodzi. Chingwe chinali chachifupi, moti tinkakhala mitu itagundana, ndipo lole ikagwa m'dzenje kam'khutu kankathothoka, wina n'kumakalipira mnzake. Nkhondo yeniyeni inali pa batani lodumphira nyimbo. Kwaya ikangoyamba, chala cha achemwali chinali chitafika kale. Kaswida ikayamba, nanenso ndinkadina. Masiku ena tinkafika pa Liwonde osamva nyimbo ndi imodzi yomwe mpaka kumapeto.

Zinasintha m'nyengo yotentha. M'mawa wina mabwato akubwera, tonse ogula tinathamangira m'madzi monga mwa masiku onse, chifukwa wodikira pamtunda amapeza nsomba zabwino zitatha. Achemwali anali atamangirira kachipangizoko pamfundo ya chitenje. Ali m'madzi ofika m'mawondo, akukokerana dengu ndi mayi wina, mfundo inamasuka. Ndinangoona kanthu kofiira kakuti chubwi.

Anasiya dengu lija, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita. Tonse awiri tinayamba kufufuza m'matope ndi mapazi, madzi atavunduka. Msodzi wina wachikulire ndi amene anakaponda, n'kukatola kali thope lokhalokha.

"Kafa aka, amayi," anatero.

Tinachotsa batire, tinakatsuka ndi madzi a pachitsime, n'kukayanika pathandala pakati pa matemba. Asodzi ankadutsa n'kumafunsa kuti imeneyi ndi nsomba yanji, nanga ndiwo zake amathira tomato kapena nsinjiro. Achemwali sanaseke. Anakhala pamthunzi tsiku lonse akuingitsa akhwangwala, osadya, ndipo madzulo anandiuza kuti, "Achemwali, ndakulakwirani." Ndinawauza kuti madzi alibe mwini, koma mumtima nanenso zinkandiwawa.

Patapita masiku tinagula batire latsopano. Achemwali anakana kuyatsa okha, anandipatsa ine. Kawindo kaja kanayaka. Nyimbo inamveka, mawu ali bwinobwino. Tinavina pomwepo pafupi ndi mathandala, fumbi lili koboo. Titakhala pansi m'pamene tinazindikira kuti batani lodumphira lafa. Kaya udine ndi chala, kaya ndi kamtengo, nyimbo inkapitirira mpaka ithe yokha.

Poyamba tinkapirira mokwiya. Kaswida ikafika ndinkayang'ana kunja, kuwerenga mitengo ya m'mbali mwa msewu. Koma khutu silitsekeka. Pang'onopang'ono ndinayamba kudziwa pamene mtsogoleri amakweza mawu ndi pamene anzake amamulandira. Ndinkafunsa tanthauzo, achemwali n'kumandimasulira zachiyao, zachiarabu zina n'kuvomera kuti nawonso sazidziwa bwino. Iwonso anayamba kufunsa chifukwa chake kwaya ina imaimba mwachisoni chotero, ndipo ndinawafotokozera za nyengo ya Lenti. Anati, "Kani nanunso muli ndi Ramazani yanu."

Loweruka lina tikusesa m'tchalitchi ndi amayi anzanga, ndinaona onse aima, matsache m'manja, akundiyang'ana. Ndinali ndikung'ung'udza kaswida kutsogolo kwa guwa. Mayi wina wamkulu anandifunsa ngati ndayamba kupita kumzikiti. Nditawafotokozera achemwali, anaseka mpaka misozi, kenaka anaulula kuti nawonso apongozi awo aakazi anawapeza akuimba ya kwaya akukonza futali m'mwezi wa Ramazani, ndipo anawafunsa ngati kusala kwawazunguza mutu.

Tinayenda choncho nyengo zingapo. Mvula ikagwa ka MP3 kaja tinkakakulunga m'pepala la shuga. Batire likatha pakati pa njira tinkaliluma pang'ono kuti litifikitse pa Liwonde. Kankanunkha nsomba moti mwamuna wanga ankakana kukaika m'khutu.

Kenaka achemwali anakhala ndi pakati, ndipo mwezi wawo utayandikira anapita kukadikirira kuchipatala cha pa Ntaja. Ndinakawaona nditanyamula ufa, nsomba ndi mabatire. Ka MP3 ndinawasiyira, ndinati masiku a kuchidikiro ndi aatali kuposa msewu wa ku Balaka. Anabereka mwana wamkazi. Mwanayo asanayambe kukwawa, amuna awo, amene ankagwira ntchito ku Joni, anatumiza uthenga woti banja liwatsatire. Tsiku lotsazikana anafuna kundibwezera, ine ndinakana. Tinakankhirana kachipangizoko pasiteji mpaka kondakitala anakalipa, ndipo kanapita nawo.

Geni ya nsomba ndinaisiya patapita nthawi, miyendo itayamba kuvuta. Tsopano ndili ndi kaokala ku Ngokwe, ndipo nyimbo ndimamvera pafoni monga aliyense.

Chaka chatha ndinakumana ndi achemwali mwadzidzidzi pa Liwonde, atabwera kudzaona abale. Ananenepa, anavala magalasi, ndipo pambali pawo panali mtsikana wamtali wonyamula chikwama. Tinakumbatirana pakati pa msewu, akabaza akutiimbira mabelu. Nditafunsa za ka MP3, analoza mtsikanayo n'kunena kuti anakatafuna pamene ankamera mano, kenaka anakaponya m'ndowa ya madzi, ndipo ulendo umenewo sikanadzukenso. Mtsikanayo anachita manyazi n'kubisa nkhope kumsana kwa amayi ake.

Tinakwera minibasi imodzi. Nkhani zinali zambiri moti tinafika pa Ntaja tisanathe ngakhale za ana. Iwo anatsikira pomwepo, chifukwa abale awo anali akuwadikira, ine ndinakafuna matola a ku Ngokwe dzuwa lisanapendeke.